Adyo, Chammwamba ndi Maiwe a Abiti Jafali

Inu ana anga, Tadala ndi Yankho, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga munazimva kambirimbiri kwa azakhali anu, choncho sindizibwereza. Ndiyambira pamene ndinalandira ntchito, chifukwa zambiri zimene zinkachitika nthawi imeneyo inu munali ana, munkangoona mayi wanu akubwera madzulo ali matope okhaokha.

Zaka zoyamba za matipate

Ndinafika ku Zomba dziko litangolowa kumene m'ndale za zipani zambiri. Ndinali nditamaliza maphunziro a ulimi wa nsomba, ndipo ananditumiza ku siteshoni ina yoswetsera nsomba m'munsi mwa phiri. Bambo anu, a Chikopa, anali kalaliki m'tauni momwemo, ndiye tinapeza nyumba ya lendi ku Chikamveka, yazipinda ziwiri, yodontha pakona pomwe tinkaika makala. Ntchito yathu pasiteshonipo inali kuswetsa makumba ndi chilunguni, kugawa ana a nsombazo kwa alimi, kenaka kuyendera maiwe awo kuti tione mmene zikukulira.

Bwana wanga woyamba anali a Mtawali, munthu wa kumpoto, wamtali, wosaseka wamba. Tsiku loyamba sanayang'ane n'komwe satifiketi yanga. Anayang'ana nsapato zanga zakutchalitchi n'kufunsa ngati ndinaliwonapo thope la pansi pa dziwe. Nditayankha kuti eya, anandipatsa majombo a munthu wamwamuna, aakulu moti ndinkachita kutsenderamo nyuzipepala, n'kundilozera dziwe lomwe ankaphwetsa tsiku limenelo. Mkazi ndinali ndekha pakati pa amuna onse aja, ndipo ena anaima m'mbali kuti aone ngati ndigwe. Ndinagwadi, kawiri konse, koma ndinatuluka ndowa yanga ya nsomba ili m'manja. Kuyambira tsiku limenelo a Mtawali ankanditenga kulikonse kumene akupita. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuima duu pambali pa dziwe nthawi yodyetsa. Ankati nsomba ikadwala siibuula ngati mbuzi, ndiye mlangizi amene amangowaza chakudya n'kutembenuka amadzadziwa za matenda nsomba zitayandama kale.

Nthawi imeneyo tinali ndi abwenzi akunja amene ankathandiza siteshoni. Chakudya cha nsomba chinkabwera m'matumba kuchokera kunja kwa dziko, mankhwala anali m'sitolo, galimoto inalipo, ndipo ine anandiphunzitsa kukwera njinga yamoto. Vuto lathu linali limodzi, chisanu. Madzi a maiwe a kuno amatsika m'phiri, ndipo Juni akalowa, chiperoni n'kukuta phiri lonse, madziwo amazizira moti dzanja limachita dzanzi. Nsomba zimasiya kudya, zimafooka, kenaka pathupi pake pamamera zoyera ngati thonje, zina zimachita zilonda, basi n'kuyamba kuyandama. Pasiteshoni tinkazipulumutsa ndi mankhwala. Mlimi wakumudzi, amene ankadyetsa madeya okha, ankangozivuula n'kuzikwirira.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Abwenzi aja anamaliza nthawi yawo n'kubwerera kwawo. Kwacha inagwa, ndipo zonse zochokera kunja zinakhala zosagwirika. Matumba a chakudya anatha, mankhwala anatha, galimoto inakhala pamiyala mpaka nkhuku za alonda zinayamba kuikiramo. A Mtawali anapuma pantchito chaka chomwecho, ndipo potsanzikana anandisiyira chipewa chawo chamlaza. Alimi ambiri anataya mtima. Ndinkafika pamudzi n'kupeza dziwe lomwe tinakumba limodzi alikwirira, abzalapo nzimbe kapena mpiru. Sindinkawadzudzula. Munthu sangasamale nsomba miyezi yonse ija kuti adzaikwirire mu Julayi.

Popeza pasiteshoni ntchito inachepa, ananditumiza pamwamba pa phiri kukathandiza pa maiwe a nsomba za m'madzi ozizira. Inu munatsala ndi bambo anu m'tauni, Yankho asanayambe n'komwe sukulu. Ndinkakhala m'kanyumba kamatabwa pakati pa mitengo ya paini, m'mawa chifunga chikulowa ndi pansi pa chitseko. Loweruka ndinkatsika pa lole ya matabwa, nditanyamula mbatata ya kachewere ndi zipatso za m'phirimo, Lolemba m'mawa n'kukweranso. Zinali zaka zondisowetsa mtendere, koma ndinaphunzira madzi a phirili, kumene amachokera ndi nthawi imene amazizira kwambiri. Ndinadziwananso ndi mabanja a m'mbali mwa phiri amene ankalima adyo ndi jinja m'timinda tawo totsetsereka. Nthawi imeneyo ndinkangowagula adyo wothira mundiwo.

Zaka zoyambirira za m'ma 2000

Pasiteshoni panabwera bwana watsopano, a Msukwa, ochokera kumaphunziro akunja. Anali aang'ono kwa ine, oyankhula mofulumira, okonda kujambula zinthu pabolodi. Atamva kuti pali mlangizi wodziwa alimi onse a m'munsi mwa phiri, ananditsitsa kuchokera kuphiri kuja. Tsiku loyamba anandifotokozera kuti kumene anaphunzira, anthu anayamba kuthira zomera zina m'chakudya cha nsomba, monga adyo, jinja ndi masamba a chammwamba, osati ngati mankhwala ochiza ayi, koma kuti thupi la nsomba likhale ndi chitetezo chisanu chisanafike, komanso kuti ikule msanga. Anati zimenezo anaziwerenga ndi kuziona m'matanki agalasi, koma sankadziwa mmene mayi wakumudzi angazipangire pakhomo pake. Anandifunsa ngati ndingathe kuwathandiza mbali imeneyo. Ndinavomera, ngakhale mumtima ndinkati bwana uyu akufuna kukometsera nsomba isanafe.

Tinasandutsa sitolo ya chakudya ija kukhala khitchini. Chammwamba tinkachitenga kumadera otentha cha kunyanja ya Chilwa, kumene anthu amangochibzala ngati mpanda. Adyo ndi jinja ndinkakwera kukatenga kwa anzanga aja a m'phiri. Poyamba tinayanika masamba padzuwa, anachita chikasu n'kutha mphamvu, ndiye tinayamba kuyanika pamthunzi, pamphasa. Tinkasinja mumtondo, kusefa, n'kusakaniza ndi madeya ndi soya wokazinga. Ufawo tikawaza padziwe unkangouluka ndi mphepo, wina n'kusungunuka nsomba zisanaupeze. Ndinakumbuka mmene timamatira zigumu, ndipo ndinaphika phala lopyapyala la ufa wa chinangwa n'kukandira pamodzi. Kwa munthu wina wa butchala mumsika wa Zomba tinapeza makina akale ogayira nyama, opukusa ndi dzanja, ndipo phala lija tikalidutsitsa mmenemo linkatuluka ngati nyongolotsi, tikaumitsa n'kuthyolathyola. Ulendo woyamba tinachulutsa chammwamba, nsomba zinkangolawa n'kulavula. Tinachepetsa, zinayamba kudya, ndipo titapeza muyezo wa adyo zinkachita kulimbirana, madzi kuwira. Ine ndinkafunitsitsa tithiremo nimu, chifukwa kwathu timamudalira pa matenda ambiri. A Msukwa anamuyesa kaye pa nsomba zochepa, anazitumbula n'kuziyang'ana ndi makina awo, ndipo anapeza kuti pa muyezo umene ndinkafunawo akuziwononga m'kati. Tinamusiya. Ndikanakhala ndekha ndikanapha nsomba za anthu ndi mtima wabwino.

Fungo ndiye linali nkhani. Linalowa m'zitenje, m'tsitsi, ngakhale m'Baibulo langa. Mu minibasi anthu ankatsegula mawindo, ndipo ku Mvano amayi anzanga anayamba kundiitana kuti Mai Adyo. Bambo anu ankati ubwino wake ndi woti ndikasochera mumsika sangavutike kundipeza.

Titakhutira ndi zimene tinkaona pasiteshoni, a Msukwa anapeza bungwe lina lakunja lomwe linavomera kutithandiza, koma linafuna umboni wochokera m'maiwe a alimi enieni. Anandifotokozera kuti umboniwo umapezeka pofananitsa. Alimi ena alandire chakudya chokhala ndi zomerazo, ena alandire chakudya chomwecho koma chopanda zomera, ndipo tidikire mpaka chisanu chithe tione kusiyana kwake. Zikayenda bwino, bungwelo lidzafalitsa njirayi m'maboma ena. Anandiuzanso kuti apereka dzina langa kuti ndidzapite kusukulu kunja pa chithandizo chomwecho. Ana inu mukudziwa mmene ndinkafunira dipuloma. Ndinapita kunyumba ndikuimba tsiku limenelo.

Tinasankha kalabu ina ya alimi m'munsi mwa phiri. Tinawafotokozera zonse poyera, anavomera, ndipo tinachita maere kuti pasakhale kukondera. Mmodzi mwa amene anagwera chakudya chopanda zomera anali Abiti Jafali, mayi wachiyawo, wamasiye, amene ankalera zidzukulu zomwe ana ake awiri anamusiyira. Maiwe ake anali abwino koposa onse m'kalabumo. Anawakumba ndi khasu pamodzi ndi malemu amuna awo, ndipo m'mbali mwake munkakhala mosesa ngati pabwalo. Achibale a malemuwo ankalifuna dimba la maiwewo kuti abzalemo nzimbe, ndipo anali atamuuza kuti nsomba zikadzafanso chaka chimenecho asadzalimbelimbe. Maere atamugwera anangoseka n'kunena kuti Mulungu ndiye mwini, chakudya chopanda adyocho n'chabwinobe kuposa madeya.

Chisanu cha chaka chimenecho

Chisanu chimenecho sindinaonepo china chofanana nacho. Chiperoni chinakhazikika osasuntha, dzuwa osaoneka. M'maiwe a alimi olandira zomera, nsomba zinachepetsa kudya koma zinkabwerabe, ndipo zakufa zinali apo ndi apo. M'maiwe enawo zinayamba kuyandama. Tsiku lina ndinafika kwa Abiti Jafali n'kuwapeza ali m'madzi mpaka m'chiuno, akutola nsomba zakufa n'kuponya mulichero. Panjinga yanga yamoto panali thumba la chakudya cha zomera lomwe ndinkapititsa kwa a Lifa, mlimi woyandikana nawo. Fungo la adyo silibisika. Anatuluka m'madzimo, anayang'ana thumbalo, kenaka anandiyang'ana ine.

"Chemwali," anatero, "ine maere ndinavomera, sindikukana ayi. Koma za a Lifa apo zikudya, zangazi ndi izi mulicheromu. Inuyo mwaona kale ndi maso anu. Ndiye mukudikiranso kuti muone chiyani?"

Ndinawathandiza kutola nsombazo, ndinawauza kuti achepetse madzi olowa kuchokera kumtsinje, ndipo thumba lija ndinakalipereka kumene linkayenera kupita. Pobwerera ndinapita molunjika ku ofesi ya a Msukwa n'kuwapempha kuti tiwapatse alimi onse chakudya cha zomera. Sanandikalipire. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti akumva chisoni ngati ine, koma kwatsala masabata ochepa kuti chisanu chithe. Tikasokoneza pano, bungwe lija lidzati palibe umboni, mwina kusiyanako kwabwera chifukwa cha madzi kapena kasamalidwe. Anati ndiganizire alimi a ku Mulanje, ku Thyolo, ku Dedza, amene chisanu chimawaphera nsomba chaka ndi chaka, ndipo njirayi siidzawafika popanda umboniwo. Anawonjeza kuti zomerazi sizichiza nsomba yodwala kale, kotero mwina ndidzawononga kafukufuku koma osapulumutsa kanthu. Zonse zimene ananenazo zinali zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka.

Ndinakhala nayo nkhaniyi Loweruka ndi Lamulungu. Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Masana ndinawafotokozera bambo anu tili pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa funso limodzi lokha, loti ndikapita kusukulu kuja n'kubwera ndi dipuloma, ndidzatha kodi kudutsa pamudzi paja n'kupereka moni nditapeza nzimbe pamene panali maiwe. Sanandiuze chochita. Anati chimene ndisankhe, iwo adzaima nane.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya a Msukwa ndisanapite kumudzi, chifukwa sindinafune kuchita mobisa. Ndinawauza kuti ndikukawapatsa alimi onse otsalawo chakudya cha zomera, osati Abiti Jafali okha, ndipo ndichipanga kunyumba kwanga ndi adyo wanga, osakhudza za siteshoni.

A Msukwa anati, "Mai Chikopa, mukudziwa kuti ine sindingabise. Ndidzanena mmene zachitikira. Kafukufuku athera pomwepa, ndipo sukulu yanu ithera pomwepa."

"Ndikudziwa, bwana," ndinayankha. "Musabise. Koma anthu aja anakumba maiwe atamva mawu anga, osati a bungwe."

Sabata imeneyo nyumba yathu inasanduka fakitale. Mwina Tadala akukumbuka akusenda adyo mpaka zala kuwawa. Kuwonjezera pa chakudyacho, ndinawaonetsa alimiwo kusambitsa nsomba zodwala m'madzi amchere, kupatula zofooka, ndi kutchinga mphepo ndi mipanda yaudzu kumbali ya phiri. A Msukwa sananame, nsomba zomwe zinali zitamera kale zoyera zija zinafabe, ndipo masiku oyamba ndinkaopa kuti ndataya zonse pachabe. Koma zimene zinali zisanagwidwe zinayamba kubwera pachakudya, imfa zinachepa, ndipo dzuwa la Ogasiti litatuluka, m'maiwe a Abiti Jafali munali mutatsala nsomba zokwanira kuti munthu asanene kuti zatha. Nsomba zikuluzikulu zoswetsa zonse zinapulumuka. Achibale aja anabwera kudzaona, anazungulira maiwewo, anabwerera, ndipo za nzimbe zinathera pomwepo.

Mtengo wake ndinalipira. Bungwe lija linachoka. Akuluakulu a kulikulu anandiitana n'kundidzudzula pamaso pa anzanga kuti ndasokoneza ntchito. Malo a sukulu anapita kwa munthu wina wa siteshoni ina. Kwa miyezi ingapo a Msukwa ankangondipatsa moni ndi malangizo a ntchito basi. Sindikunamizani, tsiku limene mnzathuyo ananyamuka ulendo wa kusukulu ndinalira m'sitolo muja, pakati pa mphasa za chammwamba.

Chaka chotsatira

Mvula itayamba, a Msukwa anandiitana n'kundiuza kuti akufuna kubwereza kafukufuku, koma ulendo uno pasiteshoni pomwepo, kuti nsomba zikafa zikhale zathu. Vuto linali loti pankafunika maiwe ang'onoang'ono ambiri ofanana, ndipo tinalibe chowalembera aganyu. Ndinangoitchula nkhaniyi pamsonkhano wa kalabu, osapempha kanthu. Lachitatu lotsatira ndikufika kuntchito ndinapeza anthu ali pageti ndi makasu ndi mafosholo, amayi atasenza madengu a masamba a chammwamba, Abiti Jafali ali patsogolo. Alonda anakana kuwatsegulira poganiza kuti ndi zionetsero. A Msukwa atatuluka, Abiti anawauza kuti amva zoti bwana akufuna umboni, ndiye abwera kudzaukumba. Anabwera Lachitatu lililonse mpaka maiwe onse anatha, akudya chinangwa chawo chophika chomwe ankanyamula okha.

Chisanu chinabwera, tinadyetsa monga mwa dongosolo, ndipo ulendo uno sindinaphonye ngakhale pang'ono. Nsomba za chakudya chopanda zomera zikamafa ndinkazitola, kuziwerenga, kukapereka kwa a Msukwa, mtima uli m'malo. Pokolola, kusiyana kunaoneka tisanafike n'komwe pasikelo. Za zomera zinapulumuka zambiri, zinali zonenepa, mamba ake akuwala. A Msukwa anayezanso magazi ake n'kupeza zimene ankayembekeza. Anapita kukafotokoza zotsatirazo kumsonkhano waukulu wa akatswiri, ndipo anaumirira kuti ndipite nawo. Atamaliza mbali yawo anandiitana kutsogolo kuti ndionetse kapangidwe kake. Ndinaika mtondo, sefa ndi makina a butchala aja patebulo lokutidwa ndi nsalu yoyera, n'kuyamba kupukusa pamaso pa madokotala ndi akuluakulu, ena mwa iwo omwe anandidzudzula aja. Holo yonse inanunkha adyo. Anthu anadzuka m'mipando kudzagwira chakudyacho ndi manja.

Pobwerera m'basi, a Msukwa anandiuza kuti mpaka pano akukhulupirirabe kuti tinataya chaka, ndipo m'chaka chimenecho alimi a maboma ena anakwirira nsomba zomwe zikanapulumuka. Ndinavomera kuti n'zoona. Ndinawauzanso kuti zitabwereranso ndingachite chimodzimodzi. Anaseka n'kunena kuti akudziwa, n'chifukwa chake sadzachitanso maere pa dziwe la munthu. Pa nkhani imeneyi sitinagwirizanepo mpaka lero, koma ndi iwo amene anadzayankhula pa ukwati wa Tadala.

Chaka cha kafukufuku wachiwiriyo, Abiti Jafali anadyetsa chakudya cha zomera kuyambira mu Epulo, chopanga okha. Pokolola anandiitana. Anthu anadzaza m'mbali mwa dziwe, ogula ochokera m'tauni atafika ndi mabeseni panjinga. Amuna atayamba kukoka khoka, linalemera moti anaima pakati, ndipo linayamba kung'ambika pakona. Ndinali nditavala suti chifukwa ndinkachokera kumsonkhano wa kuboma, koma ndinangovula nsapato n'kudumphira m'madzimo kukagwira pong'ambikapo. Makumba ankandimenya m'miyendo, amayi akululutira kumtunda. Titatulutsa khokalo, Abiti anasankha nsomba yaikulu koposa zonse, anaikulunga m'tsamba la nthochi, n'kutuma munthu kuti akapereke kwa alamu awo amene ankafuna dimba aja. Yachiwiri anandipatsa ine. "Sikomo, chemwali," anatero.

Zaka zotsiriza ndi kupuma pantchito

Kuchokera pamenepo ntchito yanga inasintha. Anandiika kukhala mkulu wa gawo la chakudya cha nsomba, ndipo alangizi a maboma ena ankabwera kudzaphunzira kwa ife. Ndinayenda m'madera amene kale ndinkangowamva pawailesi. Mabanja aja a m'phiri anakulitsa minda yawo ya adyo ndi jinja chifukwa ogula anachuluka, ndipo makalabu ambiri anabzala chammwamba m'mbali mwa maiwe awo. Sikuti mavuto anatha. Zaka zina chilala chinkaumitsa maiwe, zaka zina soya ankasowa, ndipo panali ena ochenjera amene ankagulitsa madeya onunkhiritsa adyo n'kumati ndi chakudya chathu. Komabe maiwe amene anakwiriridwa aja ndinawaona akukumbidwanso limodzi ndi limodzi. Dipuloma sindinaipeze. Ndinapuma pantchito ndili ndi satifiketi yanga yomwe ija, ndipo ndi penshoni tinamaliza nyumba ino ya ku Sadzi, kuseri kwake n'kukumbako kadziwe kanga.

Chaka chatha ndinapita kumsika wa Zomba kukagula ndiwo. Ndinaima pa bambo wina wachilendo amene ankagulitsa makumba aawisi, aakulu bwino, pakati pa Julayi. Ndinamufunsa kuti nsomba zoterezi wazipeza kuti m'chisanu chino. Anati ndi za m'dziwe lake ku Phalombe, ndipo poona kuti ndachita chidwi, anayamba kundiphunzitsa. Anandifotokozera zonse mwadongosolo, modekha, monga mmene umafotokozera gogo amene sadziwa kanthu, ndipo sanalakwitse paliponse. Anawonjeza kuti kwawoko amathiramonso ufa wa masamba a mbatata chammwamba chikasowa, ndipo nsomba zimaukonda. Zimenezo ine sindinaziganizepo.

Ndinamufunsa kuti anamuphunzitsa ndani. Anati anaphunzira kwa mlamu wake, amene anaphunzira kukalabu, koma njirayi akuti anayambitsa ndi mayi wina wa konkuno ku Zomba.

"Kodi alipo mayi ameneyo?" ndinafunsa.

"Ayi, anamwalira kalekale," anatero. "Anali munthu wa kale kwambiri."

Ndinamupepesa chifukwa cha malirowo, ndinagula nsomba zinayi, ndipo anandiikira imodzi ya basela. Nditafika kunyumba ndinawauza bambo anu kuti akhala akudya ndi malemu osadziwa, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Mawa lake m'mawa ndinathyola masamba a mbatata kudimba n'kuwayanika pakhonde, kuti ndiyese zimene anandiphunzitsa bambo wa ku Phalombe uja.